Sukulu ya pa Mchenga: Kumene Kuvina Kumaphunziridwa Monga Ntchito

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda wa Dakar, likulu la dziko la Senegal, kulowera chakumwera m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Atlantic, pali mudzi wa asodzi wotchedwa Toubab Dialaw. Chapambali pa mudziwo pali sukulu imene mlendo sangaizindikire msanga kuti ndi sukulu. Chipinda chake chophunziriramo chodziwika koposa chilibe madesiki, chilibe bolodi, ngakhale zipupa chilibe. Ndi denga lokha, ndipo pansi pake pali mchenga. Dzina la sukuluyi m'Chifalansa ndi École des Sables, ndiko kunena kuti Sukulu ya pa Mchenga. Anyamata ndi asungwana amene amafika kumeneko kuchokera m'maiko ambiri a mu Africa amapitira chinthu chimene anthu ochuluka amayesa kuti sichiphunziridwa, ndicho kuvina.

Wina pakumva zimenezi adzaseka, nadzafunsa kuti, “Kodi mwana wa mu Africa n'kulowa sukulu kukaphunzira kuvina?” Funsoli lili ndi mizu yake. M'masiku a atsamunda, Azungu ankakonda kunena kuti munthu wakuda amabadwa ndi gule m'magazi, ndipo eni ake ambiri adalandira mawuwo ngati chiyamiko. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati kuvina kuli m'magazi, ndiye kuti si ntchito. Ngati si ntchito, sikufuna mphunzitsi, ndipo wovinayo sayenera malipiro. Aliyense amene adaonapo anyamata a malipenga akubwereza sitepe imodzi madzulo ndi madzulo tsiku la chionetsero lisanafike, kapena asungwana akuwongoleredwa ndi anamkungwi pa chinamwali, akudziwa kuti mawu aja ndi onama. Gule aliyense ali ndi aphunzitsi ake. Chimene chidasowa kwa zaka zambiri ndi malo amene wachinyamata waluso akadapitako kuti luso lakelo likhwime, lisanduke ntchito yodyetsa banja.

Mphunzitsi wa masewera amene adaona patali

Mwini maganizo a Sukulu ya pa Mchenga ndi Mai Germaine Acogny. Iwo adabadwa m'chaka cha 1944 ku Allada m'dziko la Dahomey, limene lero limatchedwa Benin, koma adakulira ku Senegal kumene banja lawo lidasamukira iwo ali mwana. Agogo awo aakazi, a Aloopho, adali wansembe wa chipembedzo cha makolo a mtundu wa Ayoruba, ndipo dzina lawo lidzamvekanso m'nkhani ino. Atakula, Mai Acogny adapita ku Paris kukaphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ndipo kumeneko adakumana ndi gule wa Azungu wotchedwa ballet, amene wovina wake amaimika msana chilili, natambasula miyendo, nayenda chonyang'ama ngati akufuna kuuluka.

Atabwerera kwawo adagwira ntchito yauphunzitsi, koma maso awo adali pa magule a m'midzi. M'chaka cha 1968 adatsegula kasukulu kawo kovinira mumzinda wa Dakar. Funso limene lidawasowetsa tulo lidali ili: Azungu adasanja gule wawo m'masitepe okhala ndi maina, kotero kuti mphunzitsi wa ku Paris ndi wa ku Moscow amaphunzitsa chinthu chimodzi, nanga magule a mu Africa sangasanjidwe chomwecho, kuti mwana wa ku Mali ndi mwana wa ku Congo akumane pa maziko amodzi popanda wina kutaya za kwawo? Yankho lawo adalilemba m'buku lotchedwa Danse Africaine, limene lidatuluka m'chaka cha 1980 m'Chifalansa, m'Chingerezi ndi m'Chijeremani.

Sukulu yoyamba ndi kugwa kwake

Pa nthawiyo mtsogoleri wa dziko la Senegal adali a Léopold Sédar Senghor, amene adalamulira kuyambira 1960 kufikira 1980. A Senghor adali mlakatuli wodziwika, ndipo ankakhulupirira kuti ufulu wa dziko sukwanira ngati chikhalidwe cha eni dziko chikunyozedwabe. Ndiwo adachititsa chikondwerero chachikulu cha luso la anthu akuda ku Dakar m'chaka cha 1966. Adali pa ubwenzi ndi Bambo Maurice Béjart, katswiri wopeka magule wa ku France amene ankagwira ntchito ku Brussels, ndipo bambo ake a Béjart adabadwira ku Senegal komweko, mumzinda wa Saint-Louis. Mu 1970 Bambo Béjart adatsegula ku Brussels sukulu ya ovina yotchedwa Mudra. Patapita zaka 7, mu 1977, awiriwa adagwirizana zotsegula inzake ku Dakar, naitcha Mudra Afrique, ndipo utsogoleri wake adaupereka kwa Mai Acogny.

Maphunziro a pa Mudra Afrique sadali a masewera. Wophunzira ankayenera kudziwa magule a mu Africa, ballet ndi magule amakono a ku Ulaya ndi ku America, kuimba, kuchita zisudzo ndi kuomba ng'oma. Mmodzi mwa aphunzitsi a ng'oma adali a Doudou N'Diaye Rose, katswiri wa ng'oma za sabar amene dzina lake lidamveka pa dziko lonse. Ophunzira ankachokera m'maiko osiyanasiyana. Mwa iwo mudali msungwana wa ku Upper Volta, dziko limene tsopano ndi Burkina Faso, dzina lake Irène Tassembédo, amene pambuyo pake adadzatsegula sukulu yakeyake ya ovina ku Ouagadougou m'chaka cha 2009.

Koma sukuluyi idali itaima pa mzati umodzi. Kumapeto kwa chaka cha 1980 a Senghor adatula pansi udindo mwa kufuna kwawo. Chuma cha Senegal chidali pa mavuto, ndipo boma latsopano lidayamba kudula ndalama zimene linkaona kuti zingadikire. Monga zimakhalira kawirikawiri, za luso ndizo zidayamba kugwa. Mai Acogny adatsogolera Mudra Afrique kufikira 1982, ndipo sukuluyo idatsekedwa. Iwo adalowera ku Ulaya: poyamba ku Brussels, kenaka ku Toulouse m'dziko la France, kumene mu 1985 adatsegula malo ophunzitsira pamodzi ndi amuna awo, Bambo Helmut Vogt a ku Germany.

Phunziro limene adatolapo lidali lowawa. Sukulu yodalira mtima wa munthu mmodzi, ngakhale munthuyo akhale mtsogoleri wa dziko, imafa iye akachoka. Ndipo sukulu ikafa, achinyamata aluso amatsala ndi njira ziwiri zokha: kuwolokera ku Ulaya kukaphunzira kwa eni ake a magule ena, kapena kukhala kwawo n'kumavinira alendo m'mahotela pa malipiro a tsiku limodzi.

Kubwerera ku mchenga

M'chaka cha 1995 Mai Acogny ndi amuna awo adabwerera ku Senegal ndi cholinga chomanga sukulu ina, koma ulendo uno kutali ndi nyumba za boma. Adasankha malo amiyala pafupi ndi Toubab Dialaw. Maphunziro oyamba, a miyezi 3, adachitika mu 1998 nyumba zisanathe, ndipo sukuluyo idatsegulidwa mwamwambo mu 2004. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha: kuchokera pa kutsekedwa kwa Mudra Afrique padapita zaka zoposa 20.

Malo ovinira alipo awiri aakulu. Ena ali ndi pansi posalala monga m'nyumba za zisudzo za m'mizinda. Enawo ndi a mchenga aja, ndipo amatchedwa Kër Aloopho, kutanthauza kuti kunyumba kwa Aloopho m'chinenero cha Chiwolofu, pokumbukira agogo aja. Mchengawo uli ndi ntchito yake. Phazi likaponda pa mchenga limatitimira, motero wovina amakakamizika kulimbitsa akakolo ndi ntchafu, ndi kufuna pokhazikika m'kati mwa thupi lake m'malo modalira pansi. Amene wazolowera kudumpha ndi kuzungulira pa mchenga, akafika pa thabwa amaona ngati wamasulidwa.

Ophunzira amagona pa sukulu pomwepo, nadyera pamodzi, kwa masabata kapena miyezi. Ambiri sabwera ngati oyamba kumene. Amakhala kuti avinapo kale m'magulu a kwawo, ena magule a makolo, ena magule a m'misewu ya m'tauni, ndipo amasankhidwa mwa ambiri amene apempha malo. Chimene amasowa ndicho chimene sukulu imawapatsa: maziko, chilango cha thupi, ndi maso otha kuona ntchito yawo monga aionera mlendo.

Zimene amaphunzira

Choyamba ndi njira ya kavinidwe imene Mai Acogny adaikonza, imene lero imadziwika ndi dzina lawo. Phata lake ndi msana. Pamene ballet amafuna msana woima ngati mzati, njira iyi imafuna msana wamoyo, wotha kuyenda ngati mafunde, kukhwinyata ndi kunjenjemera. Masitepe ake adapatsidwa maina a zinthu zimene mwana wa mu Africa amazidziwa, monga mtengo wa mlambe, mtengo wa usufu ndi duwa la kakombo wa pamadzi. Pophunzitsa, Mai Acogny amayerekeza chifuwa ndi dzuwa, matako ndi mwezi, ndipo msana amaufanizira ndi njoka. Mafanizowa amathandiza wophunzira kugwira msanga chimene mawu wamba sangachifotokoze. Ukamuuza munthu kuti atsegule dzuwa lake, amatukula chifuwa m'njira yoyenera popanda kuumitsa mapewa.

Chachiwiri ndi magule a makolo, ndipo apa ophunzira amasanduka aphunzitsi. Aliyense amayembekezeka kuonetsa anzake gule wa kwawo, kunena kumene adachokera, nthawi imene amavinidwa, ndi tanthauzo lake. Ntchito imeneyi imavumbula zambiri. Mnyamata amene wakhala akuvina gule kuyambira ali mwana amazindikira kuti sangathe kumugawa m'zigawo kuti mnzake wa dziko lina amutole, kapena kuti sadafunsepo akuluakulu chifukwa chake ng'oma imasintha pa malo akutiakuti. Ambiri amabwerera kwawo ndi mafunso amene sadawaganizepo.

Chachitatu ndi magule a maiko ena, ophunzitsidwa ndi akatswiri oitanidwa kuchokera ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Cholinga si chakuti wophunzira asanduke Mzungu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wovina amene adziwa njira imodzi yokha ya kayendetsedwe ka thupi amakhala ndi misika yochepa.

Ntchito ya wopeka gule

Pali kusiyana pakati pa wovina ndi wopeka gule, monga momwe woimba asiyanirana ndi wopeka nyimbo. Wovina amapereka thupi lake. Wopeka gule ndiye amaganiza chimene matupiwo anene. Iye amasankha nkhani, nasankha anthu, nasanja amene alowe poyamba ndi amene atsale chiimire, nagwirizana ndi oimba ng'oma, osoka zovala ndi oyatsa nyali za pa bwalo. Luso limeneli ndilo limasowa kwambiri, chifukwa silibwera ndi mphamvu ya miyendo. Limafuna kuwerenga, kumvetsera, kuyesa ndi kutaya zimene sizidakome. M'maphunziro a mtundu uwu wophunzira amapatsidwa anzake owerengeka ndi masiku ochepa kuti apeke kagule kake, kenaka amakaonetsa pamaso pa onse, namva zimene aona. Kupirira chidzudzulo chotere ndi gawo la maphunzirowo.

Chitsanzo cha zimene wopeka gule angachite chidaoneka ndi gulu la ovina la Jant-Bi, limene lidabadwira pa sukuluyi. Dzinali m'Chiwolofu litanthauza dzuwa. Mu 2004 Mai Acogny pamodzi ndi Bambo Kota Yamazaki a ku Japan adapeka gule wotchedwa Fagaala, wonena za kupululidwa kwa anthu kumene kudachitika ku Rwanda mu 1994. Maganizo ake adachokera m'buku la Murambi, lolembedwa ndi a Boubacar Boris Diop a ku Senegal. Ovina adali amuna okhaokha. Anthu amene adazolowera kuona gule wa mu Africa ngati chisangalalo cha nthenga ndi mikanda adaona matupi akunena za mantha, nkhanza ndi maliro. Mu 2007 guleyu adalandira mphotho ya Bessie ku New York, imene ndi imodzi mwa mphotho zolemekezeka pa ntchito ya kuvina.

Mayeso aakulu

Umboni wina wa phindu la maphunzirowa udadza pamene bungwe losunga ntchito za malemu Pina Bausch, mai wa ku Germany wopeka magule amene adamwalira mu 2009, lidagwirizana ndi École des Sables ndi nyumba ya zisudzo ya Sadler's Wells ya ku London. Adafuna kuti gule wa maiyu wotchedwa The Rite of Spring, amene adapekedwa mu 1975 pa nyimbo ya Igor Stravinsky ya mu 1913, avinidwe ndi ana a mu Africa. Guleyu ndi wolemetsa zedi. Amavinidwa pa bwalo lothiridwa dothi, ndipo amasimba za msungwana wosankhidwa kukhala nsembe, amene amavina kufikira kugwa. Ovina 38 ochokera m'maiko 14 a mu Africa adasankhidwa, nasonkhana ku Toubab Dialaw kumayambiriro kwa 2020 kuti aphunzire sitepe iliyonse kwa amene adavinapo m'gulu la Pina Bausch.

Kutatsala masiku ochepa kuti akaonetse ku Dakar, m'mwezi wa March 2020, mliri wa Covid-19 udatseketsa malire ndi nyumba za zisudzo. Asanabalalike, ovinawo adatsikira ku gombe la nyanja dzuwa likulowa, navina guleyo komaliza pa mchenga, ndipo zimenezo zidajambulidwa pa kanema wotchedwa Dancing at Dusk. Chionetsero chenicheni chidadzachitika ku Madrid mu September 2021, kenaka ku London mu 2022 ndi ku New York mu 2023. Pa zionetsero zomwezo Mai Acogny, atapitirira zaka 70, ankavina gule wa anthu awiri ndi Mai Malou Airaudo, amene adali m'gulu la Pina Bausch. M'chaka cha 2021 chikondwerero cha Biennale cha ku Venice chidapatsa Mai Acogny mphotho ya Mkango wa Golide chifukwa cha ntchito ya moyo wawo wonse.

Ovina 38 aja sadasankhidwe chifukwa cha magazi. Adasankhidwa chifukwa matupi awo adali ataphunzira kumva malangizo, kusunga sitepe, kuwerenga nyimbo yachilendo, ndi kubwereza chinthu chimodzi tsiku lonse osatopa nacho.

Mitambo imene ilipobe

Nkhaniyi siikutha ndi nthungululu zokha. Ophunzira ambiri sangathe kudzilipirira ulendo, chakudya ndi malo ogona, motero sukuluyi yakhala ikudalira kwambiri mabungwe a kunja, ndipo eni ake adadandaulapo poyera pamene thandizo lidachepa. Mzati wasintha, koma ukadali wobwereka. Palinso nkhawa ina ya pafupi. Mu January 2022 boma la Senegal lidaika mwala wa maziko a doko lalikulu la zombo ku Ndayane, moyandikana ndi Toubab Dialaw, ndipo asodzi pamodzi ndi a pa sukuluyi adaonetsa mantha kuti gombe ndi bata la malowo zidzaonongeka.

Chotonthoza mtima n'chakuti École des Sables siili yokha. Ku Johannesburg, Mai Sylvia Glasser adayambitsa gulu la Moving into Dance mu 1978, nthawi ya tsankho, naphunzitsa akuda ndi oyera pamodzi pamene malamulo ankawalekanitsa. M'manja mwawo mudatuluka a Vincent Mantsoe ndi a Gregory Maqoma, ndipo a Maqoma adayambitsa gulu lawo la Vuyani Dance Theatre mu 1999. Ku Ouagadougou, a Salia Sanou ndi a Seydou Boro adatsegula malo a La Termitière mu 2006. Ponseponse njira yake ndi imodzi: amene waphunzitsidwa bwino amadzatsegulira ena khomo.

Mawu kwa wotsiriza sukulu ndi kwa mphunzitsi wake

Wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo mtima wake uli pa kuvina ayenera kudziwa zinthu zingapo asanadzinamize. Ntchitoyi ndi yolemetsa, malipiro ake sabwera mwezi ndi mwezi, ndipo thupi limatopa msanga kuposa mutu. Nchifukwa chake wovina wanzeru amaphunziranso kuphunzitsa ndi kupeka akadali ndi mphamvu. Ayeneranso kudziwa kuti maphunziro a m'kalasi sadapite pachabe. Pempho la malo limalembedwa, pangano la ntchito limawerengedwa lisanasainidwe, ndalama za ulendo zimawerengetseredwa, ndipo ku Toubab Dialaw amene amva Chifalansa kapena Chingerezi amatola zambiri. Koposa zonse, asanyoze gule wa kumudzi kwawo, pakuti ku sukulu zotere funso loyamba limakhala lakuti wabwera ndi chiyani. Amene adziwa kutsanzira za pa kanema zokha amafika chimanjamanja. Adziwenso kufunsa eni mwambo, popeza si gule aliyense amene angatengedwe kupita naye pa bwalo la malipiro.

Kwa aphunzitsi, mbiri ya Mai Acogny ili ndi chikumbutso chake. Iwo adayamba monga mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, phunziro limene m'sukulu zambiri limaikidwa kumapeto kwa tsiku, ndipo limafafanizidwa mayeso akayandikira. M'mera m'poyamba. Mwana amene amatsogolera anzake pa gule wa tsiku la makolo, amene amaona kuti mzere wapindika nauwongola, amene amasintha sitepe yakale kuti ikome, mwina ndiye wopeka gule wa mawa. Chimene afuna kwa mphunzitsi wake si kumuombera m'manja kokha ayi, koma kumuuza zoona: kuti luso lakelo ndi chiyambi chabe, ndi kuti lili ndi sukulu zake, aphunzitsi ake ndi zaka zake za thukuta, monga uphunzitsi, unamwino ndi ukalipentala.